Ndifunse bwanji wodwala za amene amagona naye, nanga ndilembe pati?

Funso ili lachokera kwa namwino wachitsikana wa pachipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Kalata yake ndaifupikitsa pang'ono:

"Adokotala, ndayamba ntchito chaka chatha ndipo anandiika kuchipinda cha matenda opatsirana pogonana ndi PrEP (mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa kuti asaitenge). Kumaphunziro anatiuza kuti tizifunsa aliyense ngati amagonana ndi amuna, akazi kapena onse, komanso ngati iye amadzimva kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Tsiku loyamba ndinafunsa bambo ena achikulire a ndevu zoyera. Anaimirira n'kunena kuti, 'Mwana iwe, ukundiona ngati ndine ndani?' Anatuluka osalandira mankhwala. Kuyambira pamenepo sindifunsanso, ndimangoyang'ana nkhope n'kuchonga. Koma mwezi watha mnyamata wina anandiuza yekha kuti amagona ndi amuna anzake, ndipo ndinasowa chochita. Ndilembe m'buku lake la kuchipatala? Mnzanga akuti umenewu ndi mlandu, tikabisa nafenso tidzamangidwa. Komanso chipembedzo changa sichilola zimenezi. Ndichite bwanji?"

Achemwali, choyamba mtima ukhale pansi. Palibe wa ife amene anagwirapo ntchito m'chipinda chimenecho osatulukiridwa ndi wodwala. Ine mayi wina anandilavulira malovu pansi nditamufunsa kuti wagona ndi amuna angati mwezi umenewo, pomwe ndinali nditatha kale zaka zisanu pa ntchito. Bambo aja funso linawagwera ngati mphezi, lochokera kwa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wawo, osawalambulira njira. Zimenezo zimakonzeka. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi kuchonga poyang'ana nkhope. Chimenecho musiye lero lomwe. Mudzachonga molakwika mnyamata wa mawu ofewa amene ali ndi chibwenzi chake chachikazi, n'kudumpha bambo wa ana asanu amene thandizolo akulifunadi. Bola kusiya malowo opanda kanthu kusiyana n'kulemba zongoganizira.

Ine sindinayambe kufunsa chifukwa cha fomu. Zaka zapitazo kunkabwera msodzi wina wa zaka za m'ma 30, wapabanja. Ulendo woyamba anati m'mimba mukupota, chimbudzi chikutuluka ndi zonanda ndi timagazi. Ndinati kamwazi. Ulendo wachiwiri mnzanga anati ndi mudzi, n'kumupatsa mankhwala oika kumbuyo. Wachitatu tinamupatsa praziquantel, poti munthu wa panyanja likodzo silikhala naye patali. Ulendo wachinayi anakhala chammbali pampando, thako limodzi lili m'mwamba, thukuta lili kamukamu, kapu ataifinya m'manja. Ndinatulutsa wophunzira amene ndinali naye, n'kutseka chitseko. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, pogonana, pali chimene chimalowa kumbuyoku?" Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anagwedezera mutu kuvomera. Nditamuyeza ndinapeza mafinya. Chinali chinzonono cha kumbuyo. Jakisoni mmodzi ndi mapiritsi a sabata imodzi, munthu uja anachira. Miyezi itatu ya ululu, ndalama za kabaza maulendo anayi, mkazi wake kunyumba nayenso ali pangozi, zonsezo chifukwa palibe amene anafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pachipatala amene amadya phulalo ndi wodwala.

Mukudziwa kuti m'zipatala zathu zambiri tilibe makina oyezera chinzonono kapena chlamydia. Timapereka mankhwala potsata zizindikiro ndi zimene wodwala watiuza. Tsono ngati sitidziwa mbali ya thupi imene imagwira ntchito pogonana, tidzayang'ana kutsogolo kokha, pomwe matendawa amakhalanso kumbuyo ndi kukhosi, ndipo kumeneko nthawi zambiri sakhala ndi zizindikiro n'komwe. Pa HIV kusiyanako ndi kwakukulu. Bungwe la CDC la ku America limawerengera kuti pa maulendo 10,000 ogonana popanda kondomu ndi munthu amene ali ndi kachilombo ndipo sakumwa ma ARV, wolandira kumbuyo amatenga kachilombo pafupifupi ka 138, pomwe mkazi wolandira kumaliseche amatenga pafupifupi ka 8. Khungu la kumbuyo ndi lopyapyala, silikhala ndi chinyezi chake, ndipo limang'ambika msanga. Munthu wotere akufunika kumva za PrEP, za PEP, mankhwala omwa munthu atakhala kale pa chiopsezo chotenga HIV, imene iyenera kuyambidwa pasanathe maola 72, za kuyezetsa chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akufunikanso kuuzidwa kuti Vaseline ndi mafuta ophikira zimafooketsa kondomu mpaka kuphulika, ndiye agwiritse ntchito mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Zonsezi simungamuuze ngati simunafunse.

Apa pali chinthu chimene maphunziro anu aja sachifotokoza bwino. Zimene munthu amachita, amene mtima wake umamukonda, ndi dzina limene amadzitcha, ndi zinthu zitatu zosiyana. Msodzi wanga uja mukanamufunsa kuti "kodi ndinu gay?" akanakana, ndipo sakananama, chifukwa iye sadziona choncho. Ndi bambo wapabanja basi. Ena zinayambira kundende, ena ku Joni, ena kumagowelo a kudoko nthawi ya usipa, ena kumalo ogona alendo chifukwa cha ndalama, ndipo ena ndi mmene alili kuyambira ubwana wawo. Kwa ife a mankhwala, chofunika kwambiri ndi choyamba chija, zimene thupi limachita. Ndipo kugonana kumbuyo si kwa amuna okhaokha ayi. Mabanja ena a mwamuna ndi mkazi amachita, atsikana ena amachita poopa mimba. N'chifukwa chake funsoli ndi la aliyense. Liwu lija lakuti mathanyula musalilowetse m'chipinda chanu. Ndi la pamsewu, ndipo wodwala akangolimva amatseka pakamwa.

Akazi ogona ndi akazi anzawo timawaiwala kwambiri. Ambiri amaganiza kuti kuyezetsa khomo la chiberekero sikuwakhudza, pomwe kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamafala pokhudzana khungu, ndipo ambiri a iwo anagonapo ndi amuna kapena ali pabanja. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ochuluka kwambiri padziko lonse. Atumizeni ku VIA, kumene amayeza khomo la chiberekero, monga mayi wina aliyense.

Funso lachiwiri lija, la mmene munthu amadzimvera, ndi la anthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala ndi kudzimva ngati akazi, kapena anabadwa ndi lachikazi koma amadzimva ngati amuna, amene m'mafomu amalembedwa kuti transgender. Kunja amafunsa mafunso awiri motsatizana, la mmene munthu analembedwera pobadwa ndi la mmene amadzimvera panopa. Kwa ife phindu lake ndi ili. Timayeza ziwalo zimene munthu ali nazo, osati zovala zake. Wovala buluku, wometa mpala, wotchedwa dzina lachimuna, akhoza kukhala ndi chiberekero, ndipo akabwera ndi ululu wa pachinena muyenera kuganizira za mimba ya m'chubu. Kumbali inayi, ndaonapo angapo amene amagula mapiritsi olera kumafamase n'kumamwa awiri kapena atatu patsiku kuti mabere akule. Mapiritsi amenewo ali ndi ethinylestradiol, amene amachititsa magazi kuundana m'mitsempha, makamaka kwa wosuta fodya. Mwendo umodzi ukatupa kapena chifuwa chikabanika mwadzidzidzi, ameneyo ndi wotumiza kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo. Ndipo WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, imati njira ija yomwa PrEP pa nthawi yogonana yokha si ya munthu amene akumwa mahomoni achikazi. Iye ayenera kumwa tsiku ndi tsiku. Mukaona kuti dzina la pachiphaso ndi munthu amene wakhala patsogolo panuyo sizikugwirizana, musamukuwire dzinalo pamzere kuti anthu atembenuke. Mufunseni chapansipansi kuti, "Mumakonda kuitanidwa dzina liti?" Kameneko n'kakang'ono, koma ndi kamene kamachititsa munthu kubweranso kudzatenga mankhwala.

Tsopano kafunsidwe. Yambani ndi chipinda, mawu abwere pambuyo. Khalani pampando wa wodwala tsiku lina, muuze mnzanu ayankhule, inu mumvetsere. Kodi amene ali pabenchi panja akumva? Windo likuyang'ana kuti? Zipinda zathu zambiri n'zogawa ndi pulayiwudi kapena katani, ndipo mawu amadutsa. Wodikirira odwala atuluke, ngakhale akhale mkazi wake kapena mayi ake. Kuno kuli vuto lina. Odwala ambiri a ku Makanjira, Namwera kapena Katuli amamasuka m'Chiyao. Ngati Chiyao simuchidziwa, musaitane mlonda kapena wokolopa wa m'mudzi momwemo kuti amasulire nkhani ngati iyi. Pezani mnzanu wa chipatala amene analumbira kusunga chinsinsi, ndipo wodwalayo avomere kaye.

Mukatero lambulani njira. Ine ndimati: "Bambo, pali mafunso ena amene ndimafunsa aliyense wolowa muno, wamkulu kapena wamng'ono, shehe kapena m'busa. Ena ndi olaula, mundikhululukire. Ndimafunsa kuti ndisakupatseni mankhwala olakwika. Limene simukufuna kuyankha mungondiuza, mankhwala mulandirabe." Kenako ndimayamba ndi zofewa, za banja, za ana, za nthawi imene anagonana komaliza, za kondomu. Funso lija limabwera pakati, ndi liwu lomwe lija limene ndafunsira za malungo: "Amene mumagona nawo ndi akazi, amuna, kapena onse?" Musatsitse mawu ngati mukuulula ufiti, musaseke, musaike cholembera pansi. Wina akakwiya, ndimati, "Pepani bambo, sikuti ndakuonani china chake, amene anatuluka uja ndinamufunsanso chimodzimodzi," n'kupitiriza za mankhwala. Ambiri amaseka. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2017 anapeza kuti ogwira ntchito m'zipatala pafupifupi 78 mwa 100 alionse ankaganiza kuti odwala akana kuyankha funsoli, pomwe odwala amene anati akhoza kukana anali 10 okha mwa 100. Uko ndi ku America, kumene si mlandu, ndiye musayembekezere zofanana kuno. Komabe zimene ndaona n'zakuti mantha ambiri amakhala mwa wofunsa. Ndipo wina akakunamizani ulendo woyamba musadandaule. Amakhala akukuyesani kaye. Ambiri amanena zoona ulendo wachiwiri kapena wachitatu, akaona kuti za ulendo woyamba sizinamveke kumsika.

Tafika pa zolemba, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kufunsa ndi kulemba si chinthu chimodzi. Funsani zonse zimene mukufunika kuti muchize munthu, koma lembani zochepa kwambiri. Kunja, kumene zolemba zimakhala m'kompyuta ya chipatala, anthu amakangana za bokosi loti achonge. Ife kuno buku la kuchipatala limapita kunyumba. Limagona m'chikwama chimodzi ndi makadi a sikelo a ana. Mkazi amalitsegula, mlamu amene anafika Fomu 4 amaliwerengera banja lonse, wogulitsa mankhwala pagolosale amaliona, abwana kuntchito amalifuna munthu akajomba. Ndinaonapo mnyamata wina atabwera ndi buku long'ambidwa tsamba limodzi. Nditamufunsa anati pachipatala china anamulembera zilembo zitatu, MSM, zotanthauza mwamuna wogonana ndi amuna anzake, ndi inki yofiira pamwamba pa tsamba. Mchemwali wake anafunsa mnzake tanthauzo lake, ndipo sabata isanathe katundu wa mnyamatayo anali panja. Amene analembayo mwina ankati akuthandiza dokotala wotsatira. Madzi akatayika saoleka.

Choncho m'buku la wodwala lembani matenda, mankhwala ndi tsiku lobweranso. Ngati n'kofunika kutchula mbali ya thupi, lembani mwachipatala, monga mmene mungalembere za wina aliyense. Amene amagona naye, kaya dzina la gulu limene fomu yamuikamo, zisalowe m'menemo. Malo a zimenezo ndi kaundula kapena khadi lotsala pachipatala, ndipo pokhapokha ngati fomu ya Unduna wa Zaumoyo ili ndi malo akewo. Musaonjezere mzere wanu, musatsegule kope lanu la mayina. Muuzeni wodwala musanachonge kuti, "Izi ndilemba apa, bukuli limatsekeredwa mu kabati, kumtunda kumapita chiwerengero chokha popanda dzina. Mukulola?" Akakana, musalembe, koma chithandizo mupereke chonse. Mapulogalamu ena othandiza magulu amenewa amagwiritsa ntchito nambala yachinsinsi m'malo mwa dzina, ndipo kumene njira imeneyo ilipo itsateni. Kaundula asagone patebulo nthawi ya nkhomaliro. Ndipo khalidwe lija lojambula masamba a kaundula pafoni n'kutumiza pa WhatsApp kuti lipoti lifulumire, likaneni ngakhale atakuuzani ndi wamkulu, chifukwa foni imabwerekedwa, imabedwa, imapita kokatchajitsa.

Chiwerengerocho chili ndi ntchito yake. Malipoti a pamwezi akalowa mu DHIS2, njira ya pakompyuta yosonkhanitsira malipoti a zaumoyo, ndi amene amathandiza kuona kuti makondomu, mafuta oterera ndi PrEP zipite zochuluka bwanji ku Monkey Bay kapena ku Makanjira. Pakalembedwa ziro, sikubwera kanthu. Koma pachipatala chaching'ono samalani, chifukwa "mmodzi" wa pa lipoti, aliyense wa pamalopo akhoza kumuloza chala. Nkhani yotere musaikambe pa msonkhano wa m'mawa ngati nthabwala.

Za mlandu, mnzanuyo wanena zoona theka. Malamulo a milandu a dziko lino amaletsadi. Gawo 153 limapereka chilango chofika zaka 14, gawo 156 zaka 5 kwa amuna, ndipo gawo 137A, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, zaka 5 kwa akazi. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuthetsa magawo amenewa, n'kunena kuti kusintha ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo, ndipo umodzi wa milandu iwiri imene inafika kumeneko unayambira kukhoti la kuno ku Mangochi mu 2021. Odwala athu amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaopa. Koma theka linalo ndi ili. Malamulo aakulu omwewo, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za HIV ya munthu mwachisawawa. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, limafuna kuti nkhani za umoyo wa munthu zisungidwe mosamala kwambiri. Ndondomeko ya dziko yolimbana ndi HIV ya 2020 mpaka 2025 inatchula poyera amuna ogonana ndi amuna anzawo ndi anthu a transgender ngati magulu oyenera kufikiridwa ndi chithandizo. Boma lomwelo ndi limene linakutumizani kumaphunziro aja. Kuchiza munthu si mlandu, ndipo pa zaka zanga zonse sindinalandirepo kalata ya Unduna yondiuza kukanena wodwala wamkulu kupolisi chifukwa cha amene anagona naye mogwirizana. Chimene ndikudziwa kuti chingakuchotsereni chiphaso ku Nurses and Midwives Council ndi kuulula chinsinsi cha wodwala.

Wapolisi akabwera kudzafuna kaundula kapena dzina, musatsegule kabati, musakanganenso naye. Muuzeni mwaulemu kuti zolemba za odwala sizituluka ndi namwino, apite kwa mkulu wa pachipatala ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo kumeneko adzafuna chikalata cha khoti. Wapolisi akabweretsa munthu kuti mumuyeze kumbuyo "kuti titsimikize", dziwani kuti palibe kuyeza kumene kumaonetsa zimenezo, ndipo bungwe la madokotala padziko lonse, World Medical Association, linadzudzula kuyeza kokakamiza kotereku mu 2017. Itanani dokotala wamkulu, musasaine kanthu muli nokha.

Pamene chinsinsi chili ndi malire ndi pa mwana ndi pa kugwiriridwa. Wosakwana zaka 18 akakuuzani kuti akugonedwa ndi wamkulu, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, imeneyo ndi nkhanza kwa mwana. Mupatseni PEP ngati maola 72 sanathe, muuzeni kuti muyenera kudziwitsa oteteza ana, ndipo mutumizeni ku One Stop Centre, kuja ambiri amati ku Chikwanekwane. Anyamata nawonso amagwiriridwa, ndipo ndi amene amabisa kwambiri. Wamkulu wogwiriridwa alandire chithandizo chonse, koma za kupolisi asankhe yekha atamva ubwino ndi kuopsa kwake.

Za chipembedzo sindikuuzani chokhulupirira. Inenso ndimapemphera. Koma m'chipinda chomwecho mumachiza wa chibwenzi chamseri, woledzera, ngakhale wakuba amene anthu amutema, osamufunsa kaye ngati walapa. WHO inachotsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndiye si chinthu choti inu muchize kapena kupempherera pa nthawi ya ntchito munthu asanakupempheni. Ngati mtima ukukanikadi, mupereke wodwalayo kwa mnzanu mwaulemu, tsiku lomwelo, osamuchititsa manyazi. Ambiri amene ndawaphunzitsa kuuma kumeneku kunawathera pa wodwala wachitatu kapena wachinayi.

Pali zina zimene si za pachipatala chaching'ono. Chilonda cha kumbuyo chosapola, chotupa cholimba, njerewere zazikulu, magazi osaleka, mafinya obwerera pambuyo pa mankhwala, zonsezo zipite kuchipatala cha boma ku Mangochi, ndipo pa kalata yotumizira lembani za matenda zokha. Funsaninso za mumtima: "Mukugona bwino? Munaganizapo zodzipha?" Ambiri a iwo akusenza zinthu zimene sangauze mayi awo, ndipo kufunsa za kudzipha sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, musamusiye yekha, mulumikizeni ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Amene akuopsezedwa kuti apereke ndalama kapena aululidwa, amene wamenyedwa kapena kuthamangitsidwa pakhomo, mabungwe omenyera ufulu wa anthu ngati CEDEP ndi CHRR akhala akuthandiza pa za malamulo, ndipo kuli Malawi Human Rights Commission. Kungoti chithandizo cha ku America chitasokonekera mu 2025 malo ena othandizira magulu amenewa anatseka kapena kuchepetsa ntchito, ndiye yambani mwafufuza amene akugwirabe ntchito musanatumize munthu ulendo wa ndalama zake. Wodwala amene chinsinsi chake chaululidwa ndi wa chipatala ali ndi ufulu wokadandaula kwa Ombudsman wa pachipatala, ndipo ngati woululayo ndi mnzanu, musamubise.

Mnyamata wanu uja, ngati simunalembe kanthu m'buku lake, mwachita bwino, musalembe. Ngati munalemba, akabweranso muonetseni tsambalo, mupepese, mugwirizane naye zomupatsa buku latsopano, mbiri ya mankhwala ake muikoperemo. Mufunseni ngati anayezetsa HIV ndi chindoko, ngati pali ululu kapena chotuluka kumbuyo kapena kukhosi, ngati ali ndi mkazi kapena chibwenzi chachikazi chofunika mankhwala, ndi ngati pali amene akumuopseza. Mnzanu uja musamuuze kuti ndi ndani. Bambo a ndevu zoyera aja nawonso anachoka ndi matenda awo. Ngati muli ndi njira yowaitanira popanda kuuza wina chifukwa chake, aitaneni, muwapatse mpando, muyambe ndi moni ndi za kunyumba, mankhwala awo muwapatse, funso lija lidikire ulendo wina.